Moto wa M'batire la Kamera

Chimene chinandichotsa ku Chipata ndi mafoni a anthu. Kwa zaka zambiri ndinali wojambula zithunzi wodziwika kuyambira m'tauni mpaka kwathu ku Madzimoyo. Maukwati, ubatizo, maliro, zonse zinali zanga, ndipo ngakhale munthu akagula njinga yatsopano ankandiitana kuti ndimujambule ataigwira pa hendulo. Kenaka aliyense anagula foni yojambula, aliyense n'kusanduka katswiri. Pa ukwati wina ku Chiparamba azakhali a mkwati anandigunda ndi chigongono, foni ili m'mwamba, amvekere, "Abambo inu tasunthani, mukutitchinga." Ndinasunthadi. Pobwerera kunyumba tsiku limenelo ndinatsimikiza mumtima kuti ndisunthiretu, ndipite ku Dubai kumene mnzanga wina anandiuza kuti kukufunika anthu ojambula alendo okwera ngamila m'chipululu.

Amayi nditawauza anasiya kusenda mtedza n'kundiyang'ana. "Ngamila? Zomwe zija anakwera anzeru a kum'mawa?" Nditavomera anati, "Ndiye ukazipatse moni." Sanandiletse. Bambo anamwalira ndili wamng'ono, ndipo amayi anatilera ndi khasu ife awiri, ine ndi mlongo wanga Rozaliya, choncho za kuvutika kwa munthu wofuna chakudya sankafunika kuwafotokozera.

Koma panali nkhani imodzi imene inatsala pakati pathu. Ine amene ndinajambula theka la Madzimoyo ndinalibe chithunzi cha amayi anga ngakhale chimodzi. Si kuti sindinkafuna. Ndikangotulutsa kamera ankaphimba nkhope ndi chitenje: lero ndachokera kumunda, lero tsitsi silili bwino, mawa. Tsiku lonyamuka kamera yanga yakale inali itagulitsidwa kale kuti ndikwanitse tikiti, ndiye ndinatulutsa foni. Anakana kwamtuwagalu.

"Za pafonizo zimaonetsa munthu ngati wadzuka kumanda," anatero. "Ukakagula kamera yaikulu, ya mphuno yaitali ija, udzandijambule kamodzi kokha koma kabwino. Ndidzavala yunifomu ya kutchalitchi ndi duku loyera, ndikhale pampando pansi pa mtengo wa mango uwu. Ndipo pachithunzipo ndizidzaoneka ndikuyang'ana iwe, Vinsenti, osati mwana wa eni ake."

Ndinaseka, ndinalonjeza, ndinakwera basi.

Ku Dubai ndinkagona m'chipinda chimodzi ndi amuna ena angapo, pa mabedi osanjikizana ngati khola la nkhunda. Masana ankatitengera kuchipululu, ndipo ntchito yanga inali kuthamanga mumchenga kutsogolo kwa ngamila, kukuwira alendo kuti amwetulire. Ankamwetuliradi, koma munthu amene ukumujambula pa ndalama amayang'ana galasi la kamera, sayang'ana iwe. Ndinajambula anthu osawerengeka ndipo palibe amene anandifunsa dzina. Ndinene mosabisa, ndinasungulumwa kwambiri, mpaka ndinayamba kulankhula Chinyanja ndi ngamila ina yokalamba imene inkandiyang'ana monyoza ngati akuluampingo. Chinthu chokha chimene ndinachipeza chofanana ndi kwathu chinali soketi ya pakhoma, mabowo atatu a makona, omwewa a ku Zambia. Tchaja yanga ya ku Chipata inalowa bwinobwino ngati yafika kwawo, ndipo ine mopusa ndinaganiza kuti dziko lonse lapansi lili choncho.

Malipiro ndinkawagawa patatu: chakudya, kumudzi, ndi kamera. Za kumudzi zinagula feteleza, malata a nyumba, ndiponso sofa yofiirira imene amayi sankalola munthu kukhalapo kupatula ansembe. Lamlungu lililonse Misa ikatha Rozaliya ankandiimbira pa vidiyo. Zaka zoyamba amayi ankazungulitsa foni kundionetsa nkhuku, nkhokwe, ndi mbuzi ya aneba imene inadya tomato wawo, nkhope yawo n'kumangodutsa ngati mphezi. Chaka chomaliza anayamba kuika foni pakhutu, moti chimene ndinkaona ndi khutu lawo basi, ndi m'mphepete mwa duku.

"Amama, chotsani foni kukhutu, ndikufuna ndikuoneni," ndinkatero.

"Ukundimva, basi. Kuona udzaona ndi kamera. Kodi ija wagula?"

Ndinkawaseka kuti ukalamba wawasokoneza, ndipo Rozaliya nayenso ankaseka. Kamera nditaigula amayi anandiuza kuti yunifomu achapa kale, asita, ili m'sutikesi. Koma tchuthi changa chinkangosunthidwa. Nyengo ya alendo ikatha inkabwera ina, abwana n'kumati mwezi wamawa, ine n'kumati palibe chovuta, mtengo wa mango suthawa. Zengerezu adalinda kwawukwawu, koma mwambi umenewu munthu amaukumbukira atalinda kale.

Tsiku lina foni inalira ndili m'chipululu, kamera ili m'khosi. Sanali Rozaliya. Anali amalume, mchimwene wa amayi, munthu amene sanandiimbirepo chichokereni.

"Vinsenti, mphwanga, mlongo wanga matenda akula. Ali kuchipatala ku Chipata. Ubwere."

"Apatseni foni ndilankhule nawo."

"Madokotala akana mafoni m'wodi. Iwe ungobwera, usachedwe."

Kwathu munthu amene ali kutali sauzidwa za imfa pafoni. Amamuuza kuti matenda akula, kuti ayende ali ndi mphamvu, asakomoke panjira pakati pa anthu osamudziwa. Mwambo umenewu ndinkaudziwa kuposa wina aliyense, chifukwa pa maliro ambiri amene ndinajambula ndinawaona anthu otere akutsika basi kuchokera ku Kitwe kapena ku Lusaka, m'manja muli jumbo ya malalanje a wodwala, n'kupeza mipando yonse ya m'nyumba yatulutsidwa panja. Ndinkaona mwambowu ngati nkhanza. Koma vuto lake ndi lakuti munthu akadwaladi kwambiri mawu ake ndi omwewonso. Choncho sungadziwe, umangoyenda uli pakati, mwendo wina kuchipatala wina kumanda.

Ine ndinasankha kuchipatala. Ndinadziuza kuti ndikawapeza, ngakhale pabedi, ndikawaveka duku lawo loyera, n'kuwajambula akundiyang'ana. Ndinachoka kuntchito n'kungodzera kuchipinda kukatenga sutikesi, mabatire onse awiri a kamera atatha moto ndi ntchito ya tsikulo, ndipo ndinawaponya m'chikwama cha m'manja pamodzi ndi tchaja, popeza mabatire salola kuwaika m'katundu wa pansi pa ndege. Ndinati ndikatchaja panjira, soketi ndi soketi. Tikiti yolunjika ku Lusaka inali yodula moti sindikanaikwanitsa, ndiye ndinagula matikiti awiri osiyana, ina yokafika ku Joni, ina yochokera ku Joni kupita ku Lusaka.

Ndege yoyamba inachedwa kunyamuka. Pofika ku Joni m'mawa, ya ku Lusaka inali itapita kale. Mayi wa pakauntala anandifotokozera mwaulemu kuti popeza matikiti anga sanali olumikizana, palibe amene angandipatse malo ogona, ndipo mpando wina upezeka mawa lake ndikalipiranso. Ndinalipira, m'thumba n'kutsala za basi ya ku Chipata ndi kangachepe kapamwamba. Ndinafunsa mtengo wa hotela ya pabwalo la ndege pomwepo, ndipo nditaumva ndinathokoza n'kubwerera chammbuyo ngati ndaponda nyerere za linthumbwi.

Ndinakhala pabenchi pafupi ndi soketi n'kutulutsa tchaja ya kamera. Mabowo anali atatu ndithu, koma ozungulira, akuluakulu ngati oti ulowetsemo chala. Ndinatembenuza pulagi uku ndi uku, ndinakankha, osalowa. M'sitolo ya pomwepo adaputa, kachida kolumikizira pulagi ndi soketi yosiyana nayo, inalipo, koma ndikanaigula ndiye kuti malo ogona palibe, kapena basi palibe. Ndili chiganizire, foni inalira. Unali uthenga wa mawu wochokera kwa Rozaliya.

"Achimwene, muyende bwino. Ndili kuno kuchipatala. Amama akufunsa ngati kamera mwatenga."

Mtima unatsika pansi, mpaka ndinamwetulira ndekha. Wakufa safunsa za kamera. Ndinaumveranso uthengawo kuti ndisangalale kawiri, ndipo ulendo wachiwiriwu ndinamva zina kumbuyo kwa mawu ake. Kunali nkhwangwa. Osati imodzi, koma zingapo, zikuwaza nkhuni mosinthana, ndiponso mawu a amayi ambiri olankhula motsitsa. Kuchipatala cha ku Chipata sawaza nkhuni m'wodi. Pakhomo pa munthu nkhwangwa zambiri zimalira nthawi imodzi pakakhala ukwati kapena chinacho. Ndinaumvera uthengawo mobwerezabwereza, foni ili pakhutu ngati amayi, kufunafuna phokoso la chipatala, mpaka foni inazima.

Anzanga a ku Dubai oyendayenda anandiphunzitsa kuti malo ogona otsika mtengo safunsidwa mkati mwa bwalo la ndege. Umatuluka panja, kumene kumaima timabasi ta nyumba zogona alendo za m'makomboni oyandikana, n'kufunsa madalaivala. Ndinatuluka, mphepo yozizira ikundimenya m'makutu. Pakati pa zilankhulo zosadziwika ndinamva bambo wina wa imvi, wovala kapusi, akukalipa pafoni: "Ndati ndikutumizira Loweruka, kodi sukumva?" Sindinamvepo kukalipa kokoma chotero. Anali a Mbewe, a ku Mchinji, kungowoloka malire kuchokera kwathu, ndipo ankayendetsa kabasi ka nyumba ina ya alendo. Nditawafotokozera za thumba langa anati pali kachipinda kakumbuyo kamene eni ake amabwereketsa motsika chifukwa zenera lake silitsekeka bwino.

Nyumbayo inali m'kamsewu kopanda munthu woyenda pansi. Mpanda unali wautali, pamwamba pali mawaya a magetsi, ndipo galu wamkulu womangidwa pa tcheni sanauwe, anangotiyang'ana mpaka tinalowa. Ndege zinkadutsa pamwamba penipeni pa denga, galasi la zenera n'kumanjenjemera. M'chipindamo munali bedi, mpando umodzi, ndi soketi imodzi ya mabowo ozungulira aja. Ndinayatsa getsi, silinayake.

"Azimitsa," anatero a Mbewe. "Kuno amagawa magetsi ngati ndiwo za pa maliro. Abwera masana, koma sakhalitsa, dzuwa likamalowa apitanso."

Anandiperekeza kwa mayi wa pakhomo, amene anatulutsa katoni ya zinthu zoiwalidwa ndi alendo: magalasi a m'maso, sokosi imodzi, zingwe zopiringizana. Pansi penipeni panali adaputa imodzi yong'aluka pakati, yomangidwa ndi tepi. A Mbewe anandichenjeza kuti imagwira pokhapokha utaitsamiritsa ndi chinthu. Tikubwerera kuchipinda anandifunsa, "Nanga kumudziko akuti bwanji, achimwene?"

"Akuti amayi matenda akula."

Dzanja lawo linakwera lokha n'kuvula kapusi. Ataona kuti ndaona, anaivalanso msanga n'kuyamba kuikonza ngati inangowayabwa. "Mukawapeza," anatero. "Muzidya, mukafike ndi mphamvu. Mukawapeza ndithu." Sanandiyang'ane kumaso, ndipo posakhalitsa anabwera ndi tiyi ndi buledi zimene sanalole kuti ndilipire.

Magetsi atabwera ndinali ndi adaputa imodzi ndi zinthu ziwiri zakufa, foni ndi batire la kamera. Foni ikanangofuna kanthawi kochepa kuti iyake, zimenezo ndinkazidziwa. Koma ndinaika batire. Ndinatsamiritsa adaputa ndi nsapato yanga, kanyali kofiira ka pa tchaja n'kuyaka. Ndege ikadutsa khoma linkagwedezeka, nsapato n'kusuntha, kanyali n'kuzima, ine n'kugwada kukonzanso. Pamapeto pake ndinangokhala pansi pa simenti n'kuigwira ndi dzanja, maso ali pa kanyali kaja, monga momwe timakhalira pambali pa wodwala kuyang'ana ngati chifuwa chikukwera ndi kutsika. Ndinkaopa foni. Ndinkadziwa kuti kwinakwake kuli munthu wopanda mwambo, mwina wa kusukulu kapena wa kumpira, amene walemba kale kuti pepani. Foni ili chizimire amayi anali moyo, ndipo ine ndinali mwana amene akuwakonzera chithunzi chawo. Kanyali kanasanduka kobiriwira dzuwa litapendeka, ndipo pasanapite nthawi magetsi anapita. Batire lachiwiri ndi foni zinakhala momwemo.

Lero anthu ofuna kupita kunja akabwera kudzajambulitsa zithunzi za pasipoti ndimawauza kuti agule adaputa ya mabowo a mitundu yonse asanagule sutikesi, ndiponso kuti tikiti yotchipa ikhale imodzi yolumikizana, chifukwa yotchipa yoduka pakati imadula kawiri. Amandithokoza, amaganiza kuti ndi nzeru za munthu woyenda. Sadziwa kuti ndinaziphunzira nditagwada pa simenti ya eni ake, nsapato ili m'manja.

Mawa lake a Mbewe anandisiya pabwalo la ndege. Adaputa ndinabweza. Potsazikana anandigwira dzanja ndi manja awo onse awiri, ndipo sindinakonde kagwiridwe kameneko. Ku Lusaka ndinagona pa siteshoni n'kukwera basi yoyamba ya ku Chipata. M'basimo munali mabowo otchajira mafoni pansi pa mpando uliwonse, anthu akukanganirana, koma ine yanga ndinaisiya m'thumba. Tinawoloka Luangwa, tinakwera mapiri aja, ndipo pa Nyimba nditaona amayi ogulitsa nthochi ndinatsika n'kugula phava lalikulu ndi malalanje. Ndikulipira ndinakumbukira anthu aja a jumbo amene ndinkawajambula. Ndinagulabe. Wodwala amafuna zipatso, ndipo kusagula kukanakhala kuvomera.

Pa Katete anakwera aphunzitsi ena opuma pantchito a kwathu, amene amapemphera tchalitchi chimodzi ndi amayi. Atandiona anadzidzimuka pang'ono, kenaka anandipatsa moni wansangala n'kukhala pafupi nane. Anandifunsa za kutentha kwa ku Dubai, za nyama ya ngamila ngati imadyedwa, anadandaula za mtengo wa feteleza ndi mvula yochedwa. Njira yonse sanandifunse chimene ndabwerera, ndipo dzina la amayi silinatuluke pakamwa pawo. Kwathu munthu sangakhale nawe mpando umodzi osakufunsa kuti kunyumba ali bwanji. Nanenso sindinawafunse. Tinangokhala ngati anthu awiri onyamula mtsuko umodzi wodzaza, aliyense kuopa kupunthwa.

Ndinkafuna kupitirira mpaka m'tauni, kuchipatala, koma basi itaima pa Madzimoyo ndinaona amalume ataima m'mbali mwa msewu ndi amuna ena awiri a m'mudzi. Aphunzitsi aja anali atawatumizira uthenga. Ndinatsika.

"Amalume, tiyeni kuchipatala."

"Tiyambe tafika kunyumba, mphwanga, usiye katundu, umwe madzi."

Mmodzi anatenga sutikesi, wina anafuna kutenga chikwama cha kamera koma ndinakana. Anandiika pakati. Tinayenda kanjira ka m'minda, amalume akundionetsa chimanga cha uyu ndi thonje la uyo, mawu awo ali phee. Titakhota pa chulu ndinaona utsi wambiri, kenaka malata anga akuwala, kenaka sofa yofiirira ija ili panja pansi pa mtengo wa mango, amuna atatu atakhalapo, zipewa zili m'manja. Jumbo inandipulumuka, malalanje n'kugubuduka m'fumbi. Amuna awiri aja anali atandigwira kale m'mikono ndisanagwe, ndipo m'pamene ndinadziwa ntchito imene anabwerera.

Amayi anamwalira m'mawa wa tsiku lomwe lija amalume anandiimbira. Thupi linali kumochale ku Chipata, kudikira ine. Nditalira mpaka mawu kutha, ndinamukokera Rozaliya kuseri kwa nkhokwe nditakwiya.

"Unanenanji kuti akufunsa za kamera? Zinazo ndi mwambo, ndamva, koma zimenezo unawonjezeranji?"

"Sindinaname zonse, achimwene," anatero akupukuta m'maso. "Anafunsadi, kungoti anafunsa adakali moyo, dzulo lake. Amalume anati ndikuuzeni mawu oti mukhulupirire, kuti muzidya panjira. Ndinalibe ena."

"Nanga anadwala liti? Lamlungu lapitali tinalankhula, ankaseka."

"Chaka chonse chino. Inu mumayesa sankadziwa kagwiridwe ka foni? Anaonda, achimwene, anatsala mafupa. Ankaika pakhutu dala kuti musaone. Anati mukaona musiya ntchito musanagule kamera, ndipo mutagula anati tisakuuzenibe, ayambe anenepako."

Ndinakhala pansi pomwepo. Chaka chathunthu ndinkaseka khutu lija, mlongo wanga n'kumaseka nane, mudzi wonse ukudziwa. Ndinkayesa kuti kwathu amabisa imfa yokha. Ndinapeza kuti amabisa zonse zimene zingamulemere munthu wa kutali, n'kuzisenza okha, monga momwe inenso ndinkawauzira Lamlungu lililonse kuti ndili bwino, ndikudya bwino, anzanga ndi ambiri. Tinkanamizana chifukwa chokondana, ndipo bodza lililonse linkakankhira tsiku la chithunzi kutsogolo. Amalume nditawadandaulira anangoti, "Tikanakuuza ukanafika wamphumphu? Wafika, waima, mawa uika mayi ako. Ife ntchito yathu inali imeneyo." Mpaka lero sindidziwa ngati ndiwathokoze kapena ndiwakwiyire.

Tsiku loika maliro, pamwamba pa bokosi panali chithunzi m'felemu. Anasakasaka nyumba yonse ndi mafoni a abale onse osapeza kanthu, ndiye anatenga reji ya amayi, chitupa chawo cha boma, n'kupita nayo m'tauni kukakulitsa kachithunzi ka pakona kaja. Chinatuluka chosaoneka bwino, cha madonthomadontho: kamtsikana kowonda khosi, kamantha, chidindo cha boma chitadutsa patsaya. Munthu ameneyo sindinamuonepo. Anthu amene ndinawajambulira maukwati ndi ubatizo wa ana awo ankadutsa n'kuyang'ana chithunzicho, kenaka ine, kenaka pansi. Manyazi ndi chisoni zinandigwira pamodzi moti sindinadziwe cholirira.

Nthawi yoona nkhope itakwana ndinapeza kuti amayi a kutchalitchi awaveka yunifomu ija, yositidwa bwino, ndi duku loyera. Rozaliya anandinong'oneza, "Achimwene, kamera. Avala monga ananenera." Anthu anapatuka kundipatsa malo, ena anatsitsa mafoni awo. Ndinaitulutsa, ndinaiyatsa, ndipo pakona panaoneka kachizindikiro ka batire kodzaza mpaka pakamwa, moto wa ku Joni uja wosachepa ngakhale pang'ono. Ndinaika diso. Kuwala kunali bwino, yunifomu inali bwino, zonse zinali m'malo mwake. Koma maso awo anali otseka. Anandiuza kuti pachithunzipo azidzaoneka akuyang'ana ine, ndipo apa sankayang'ana aliyense. Ndinatsitsa kamera osadina, n'kukagwira bokosi pamodzi ndi anzanga.

M'mawa mwake anthu akutali anayamba kumanga katundu. Mayi aang'ono, a Tereza, mng'ono wa amayi wa bere limodzi, anali atakhala pa mpando pansi pa mtengo wa mango, maso otupa, mapazi ali mbuu ndi fumbi la kumanda, chitenje chonunkha utsi. Ndinatenga kamera n'kukaima patsogolo pawo. Atangoiona anakweza chitenje kuphimba nkhope.

"Iwe mwana, wapenga? Ndili chonchi? Ndiyambe ndasamba, ndivale bwino. Udzandijambule mawa."

Mawu omwewo, ngakhale kakwezedwe ka dzanja.

"Ayi, amama aang'ono," ndinatero. "Za mawa ndinazimva kale pamalo pomwe pano. Tsitsani chitenje, muyang'ane kuno."

Anandiyang'ana kupyola m'mphepete mwa chitenje kwa kanthawi, kenaka anachitsitsa pang'onopang'ono. Ndinadina. Nditatero ndinaitana Rozaliya, ndinaitana aphunzitsi aja, amuna awiri amene anandigwira m'mikono, amayi ophika, aliyense mmene analili, wosasamba ndi wosapesa yemwe. Ena anadandaula kuti pa maliro sachita zotere, ine osamva. Batire lija linathera pa amalume, ali mkati mokana.

Ku Dubai sindinabwerere. Ndili ndi kachipinda kojambulira pa Madzimoyo, ndipo pakhoma pake pali zithunzi ziwiri zoyandikana: kamtsikana ka pa reji kaja, ndi mayi aang'ono a fumbi kumapazi, pansi pa mtengo wa mango. Anthu osatidziwa amaloza chachiwiricho n'kufunsa ngati amenewo ndi amayi anga. Ndimawauza zoona, kuti ndi ang'ono awo. Koma maso awo ndi amodzi, a m'nyumba imodzi, ndipo pachithunzipo akuyang'ana ine.